Kabotolo Nambala 412

Usiku umene unabadwa, Temuulen,
utsi wa malasha unali utagona pa Ulaanbaatar
ngati ng'ombe yokana kudzuka.
Unafika kutatsala masabata asanu,
wofiira psuu, wopepuka kuposa nsapato imodzi ya bambo ako,
ndipo unangoti zii.

Mzamba Tsermaa anakusisita msana ndi nsalu yofunda,
akukukalipira chapansipansi,
mpaka unatsokomola kamodzi n'kuyamba kukuwa.
Onse anathamangira kwa iwe.
Ine ntchito yanga inali pa chimene unasiya:
chingwe cha mchombo, chikadali chofunda.
Ndinabaya singano, magazi n'kukwera m'kabotolo.
Mayi ako anali atasaina pepala masana,
akuseka pakati pa ululu: "Tengani, n'zotaya izi."
Ndinalemba 412 ndi dzanja lozizira,
folo wake anapendama ngati akufuna kugwa.

M'magazi amenewo muli timaselo
tosasankhabe chimene tidzakhale.
Tina tidzasenza mpweya, tina tidzalimbana ndi matenda,
tina tidzatseka bala ukagwa pa njinga.
Pofotokozera makolo timati mbewu ya magazi.
Tinatigoneka m'thanki yozizira kuposa Januwale,
m'chipinda chapansi, kuseri kwa khomo
kumene alonda amawiritsira tiyi wa mkaka ndi mchere.

Iwe unakhala masiku khumi ndi asanu ndi anayi
mkati mwa malaya a mayi ako, khungu kukhungu.
M'mawa uliwonse ndinkakuika pa sikelo.
Magalamu makumi awiri. Magalamu khumi.
Lachinayi lina sunawonjezere kanthu
ndipo ndinalephera kudya.

Lero uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri.
Mwatsika ndi basi kuchokera kumapiri,
kumene nyumba zozungulira za ubweya wa nkhosa
zimapuma utsi kuyambira mbandakucha.
Chifuwa chako ndachimva usanalowe,
chikulira ngati ketulo yoiwalika pamoto.
Mphumu.
"Uzira mu paipi iyi," ndikutero, "uzira, uzirabe!"
Mapewa akwera kufika m'makutu,
muvi wa makina wangosuntha pang'ono n'kuima.

Mayi ako akupotokola magolovesi m'manja.
"Ndi mbaula yathu kodi?
Kapena poti anabadwa msanga?
Kapena ndine?"
Ndikanakonda kunama.
Tili ndi ana mazana asanu ndi anayi m'kaundula,
ena amagona pafupi ndi mbaula yonga yanuyo
koma amathamanga pa chisanu osatsokomola,
ndipo sitikudziwa chifukwa chake.
Chisanu chikatha tidzasungunula timabotolo tina,
tione ngati magazi a tsiku loyamba
ankanong'ona kale za chifuwa cha lero.
Dokotala Ganzorig akuti mwina zaka khumi zinanso.
Amakulira kubusa iyeyo, amati kafukufuku n'kuweta:
umawerenga nkhosa madzulo alionse
ngakhale palibe yasowa.

Wapopera mankhwala kawiri, mpweya wayamba kupeza njira.
Kenako funso lako: "Magazi anga ali kuti?"
Si zololedwa kwenikweni,
koma tatsika masitepe, ine patsogolo ndi makiyi.
Thanki ili phee, yotuwa, yotalika kufika pachibwano chako.
Wagogoda ndi chala. Wayika khutu.
"Sakumva kuzizira?"
"Ali mtulo," ndayankha.
Waganiza kanthawi, n'kuvula sikafu yako yobiriwira,
n'kuikulunga pachivundikiro,
n'kumanga mfundo yolakwika, ya ana.

Mayi ako aisiya pamenepo mphindi imodzi yathunthu.
Kenako aimasula mosafulumira
n'kukuphimba nayo pakamwa ndi mphuno,
poti kunja dzuwa lalowa kale,
mbaula zonse za mzinda zayatsidwa,
ndipo basi yanu imaima kutsidya kwa msewu.

Ine ndabwerera pa tebulo.
Pa mzere wa 412 ndalemba tsiku, kulemera, mphamvu ya mpweya.
Palibe danga lolembamo za sikafu.